Liwu la Bambo mu Laputopu ya Petulo

Aliyense wa pa Mtakataka amene adafunapo kalata yofunsira ntchito, khadi la ukwati kapena pulogalamu ya maliro amalidziwa khonde la Petulo Kaliati. Ndi nyumba ya malata kuseri kwa msika, ndipo pakhondepo pamakhala tebulo, pulinta ndi laputopu yakuda imene zilembo zake zina zidafufutika ndi zala. Anthu ankamutcha a Kompyuta, ndipo iye dzinali ankalikonda kuposa la ubatizo. Ntchito ankaidziwa ndithu, tisamunamizire. Chilema chake chidali chimodzi. Ukayamba kumuuza kanthu, usadafike n'pakati pomwe, iye wakudula kale pakamwa: "Ndadziwa kale zimenezo."

M'laputopumo mudali chinthu choposa makalata a anthu. Bambo ake a Petulo, a Kaliati a ku Golomoti, adali mlimi wa thonje, koma dziko lidawadziwa chifukwa choimba bangwe. Nyimbo ankapeka okha: za sitima, za mbozi za m'thonje, za chaka chimene madzi adakokolola mlatho, za mwana aliyense wa m'nyumba mwawo. Zaka zitatu asadamwalire, Petulo ankapita kumudziko nthawi ya chilimwe ndi laputopu ndi maikolofoni yobwereka kwa a kwaya, n'kumawajambula pansi pa mtengo wa bwemba. Zidakwana nyimbo makumi anayi ndi imodzi, ndipo kunja kuno kudalibe kwina kumene zidasungidwa.

Mlongo wake Anjelina, wokwatiwa ku Lilongwe, adapempha kangapo kuti amutumizireko ngakhale ziwiri pa foni. Petulo adakana. Ankati zikangotuluka, mawa lake uzimva m'minibasi iliyonse ya pa msewu wa Salima, anyamata oika nyimbo m'makadi atazisakaniza ndi zamakono. Ankafuna adzazitulutse yekha, pa tsiku lake, anthu onse akuona.

Tsikulo adalisankha ndi mayi awo, mayi Eliza. Maliro atatha, Petulo adafuna kuwayatsira nyimbo imodzi kuti awatonthoze, koma iwo adatambasula dzanja kumuletsa.

"Usandimvetse pano, mtima udakali wauwisi," adatero. "Ndidzamva tsiku lodalitsa chiliza, ndidzalire kamodzi n'kuleka. Ndipo udzayambe ndi yanga ija."

Yawo ija ankaidziwa ana onse. A Kaliati adaipeka ali mnyamata, pamene ankadikira pa siteshoni ya Golomoti mtsikana wa ku Mua amene adalonjeza kubwera pa sitima koma n'kumangozengereza sabata ndi sabata. Mtsikanayo ndiye adadzakhala mayi Eliza. Chaka chathunthu mayiwa adadikira nyimbo yawoyo, maso akunka nachita khungu, miyendo ikukana, koma tsikulo akuliwerengera. Chiliza chidamangidwa, abusa a ku tchalitchi adavomera, ndipo mwambo udaikidwa Loweruka.

Tsopano kwa miyezi ingapo laputopu ija inkatulutsa uthenga ikangoyatsidwa. Inkati pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse yakalamba, eni ake asiya kuisamala, ndipo pali yatsopano imene ikudikira kulowa. Ndiyo amaitcha apudeti, koma iyi sidali ya masiku onse ija yongotenga mphindi zisanu. Petulo ankangodina kuti "nthawi ina" n'kupitiriza ntchito zake. Chimene chidamusintha maganizo si uthengawo ayi. Adali mlamu wake Dumisani, mwamuna wa Anjelina, amene pa Khirisimasi adasuzumira pa sikirini n'kuseka: "Alamu, iyi ndi imene Nowa ankalembera mayina a nyama m'chombo?" Mawuwo adamukhala Petulo pakhosi ngati munga wa nsomba, ndipo Dumisaniyo ankabwera Loweruka.

Lachinayi m'mawa mkazi wake Abigail, mayi a mwana wawo Praise, akukonzekera kupita ku ntchito, adamupeza akuthira bandulo yaikulu ya intaneti m'foni. Abigail ankalemba mayina a odwala pa kompyuta pa chipatala china chaching'ono, motero nkhani za makinawa sizidali zachilendo kwa iye.

"Bambo a Praise, bandulo yonseyo ndi ya chiyani?"

"Lero ndikuvomera apudeti ija. Loweruka anthu aone chinthu chatsopano."

"Lero? Mwambo uli mkuja?" Abigail adaika chikwama pansi. "Sindikukana kuti ndi yofunika. Ifenso ku ntchito adatiikira. Koma adayamba akopera zonse pena, ndipo tidagwira ntchito ndi mapepala masiku awiri. Uku n'kusasula denga katundu ali m'nyumba. Dikirani Lolemba, denga silithawa."

"Ndadziwa kale zimenezo, mayi a Praise."

"Batire ya laputopu yanuyi idafa chaka chatha. Magetsi akangophethira, nayo yathima. Ndipo mita ikulira kuyambira dzulo, simukuimva?"

"Mayunitsi alipo okwanira. Laputopu imadya chiyani?"

"Chabwino. Koma nyimbo za bambo zokha, koperani ndikuona."

Petulo adapumira m'mwamba monga munthu amene akuphunzitsidwa kusenda nthochi. Adatulutsa fulashi m'thumba la malaya, adailowetsa, adagwira kachithunzi kolembedwa kuti "Bangwe" kamene kadali pa sikirini, n'kukakokera m'fulashimo. Zidatheka m'kuphethira kwa diso.

"Basi, zatha. Mtima pansi."

Abigail adawerama n'kuyang'anitsitsa. "Nyimbo makumi anayi zingalowe msanga chonchi? Ine zithunzi khumi zokha ndimadikira. Tatsegulani tione ngati zilimodi."

"Fulashi iyi ndi yothamanga, si zanu za ku chipatala zija. Pitani, muchedwa minibasi."

Mkaziyo adaisiya pomwepo nkhaniyo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu za ukwati zidamuphunzitsa kuti mwamuna wakeyu ukamukakamiza amangolimba ngati chingwe chonyowa. Adatola chikwama chake n'kunena ali pakhomo kuti asaiwale mayunitsi.

Petulo adadina batani lovomera. Laputopu idakoka zinthu zake pa intaneti kwa maola awiri, kenako idathima n'kuyakanso, ndipo pa sikirini padabwera manambala oyenda pang'onopang'ono ndi chenjezo lakuti isathimitsidwe. Poona kuti ntchito ya makalata yaima, iye adaganiza zokonzeratu zovala za Loweruka. Adalumikiza simbi n'kusita malaya oyera, thalauza ndi jekete. Atatha adateleka ketulo ya magetsi kuti amwe tiyi. Mita inkalira ndithu kukhoma, koma khutu likazolowera kulira kwa chinthu limasiya kumva. Manambala atafika pa sikisite wani, ketulo idaleka kusokosera, ndipo sikirini idada bii.

Adathamangira kukhoma. Pa mita padali ziro. Kwa aneba wailesi inkaimba bwinobwino, ndiye padalibe woti n'kumuloza chala. Adagula mayunitsi pa foni, magetsi adabwera, adayatsa laputopu. Idaonetsa timadontho tozungulira, idathima, idayakanso, timadontho tomwe tija. Kachitatu idabweretsa sikirini ya buluu ndi mawu a Chingerezi amene ngakhale a Kompyuta sadawamvetse. Adayesa mpaka dzuwa lidapendeka, koma khomo lolowera silidapezeke.

Sadamuimbire Abigail. Adakulunga laputopu m'chitenje n'kudzera njira ya kuseri kupita kwa Rashidi, wokonza mafoni ndi makompyuta m'kashopu ka pafupi ndi siteji ya minibasi. Pa benchi padali amuna atatu akudikira mafoni awo, ndipo mmodzi adafuula, "Ha, lero sing'anga wabwera kudzaombeza!" Onse adaseka. Petulo adasekako ndi mano okha.

Rashidi adaiyatsa, adadinadina, n'kupukusa mutu. "Bwana, yafera pakati pa mtsinje. Yakale yachoka, yatsopano sidafike. Njira zilipo ziwiri. Nditha kuchotsa chosungira zinthu m'katimu, ndikoperemo zanu zonse bwinobwino, kenako tikonze. Koma kachingwe kake adabwereka mnzanga wa ku Salima, abweza Lolemba, Inshallah. Njira ina n'kupukuta zonse, ndiikemo yatsopanoyo, mawa m'mawa mwatenga. Koma ndikapukuta ndapukuta."

"Lolemba ndi kutali. Ndikuifuna Loweruka."

"Muli kanthu kofunika umu?"

Petulo adasisita thumba la malaya. "Zofunika zonse zili apa."

"Bweretsani fulashiyo tiione kaye pa kompyuta yangayi. Ndi mphindi imodzi yokha."

Amuna a pa benchi aja adali tcheru. Petulo adachotsa dzanja pa thumba lija. Iye, amene adaphunzitsa theka la Mtakataka kugwira mausi, aonetsedwe fulashi yake ndi wokonza mafoni anthu akuonerera?

"Rashidi, ndadziwa kale zimene zili m'fulashi mwanga. Pukuta."

"Wallahi, mwanena nokha," adatero Rashidi, n'kukokera laputopu kwa iye.

Madzulo Petulo adauza mkazi wake kuti laputopu ili kwa Rashidi kuti aimalizitse tina ndi tina.

Lachisanu chakumasana adakaitenga. Inu, idali yokongola! Sikirini yowala, tizithunzi tatsopano, kuyaka kwake kosachedwa. Adafika nayo pakhonde akuimba mluzu, adalowetsa fulashi, ndipo kachithunzi ka "Bangwe" kadaoneka. Adakadina. Padatuluka kabokosi konena kuti chinthu chimene kachithunzika kamalozera sichikupezeka. Adadinanso kawiri, katatu. Apo m'pamene adaona kamuvi kakang'ono pakona pa kachithunziko. Chimene adakopera sichidali nyimbo ayi. Kadali kachizindikiro kongolozera kumene nyimbozo zinkakhala m'kati mwa laputopu, kamene iye mwini adakaika pa sikirini zaka zapitazo kuti asamavutike kufufuza. Adasunga chikwangwani, nyumba n'kuigwetsa.

Adathamanga wapansi mpaka ku siteji, koma adapeza shopu yotseka. Rashidi adali ku mzikiti ku mapemphero a Lachisanu. Petulo adakhala pa benchi ija padzuwa, laputopu ili pamiyendo, anthu akumupatsa moni iye osawamva. Ola limenelo lidamutalikira kuposa chaka chonse cha maliro.

Rashidi atabwera n'kumva nkhaniyo, adavula chipewa chake n'kukhala pansi. "Nyimbo za a Kaliati? Za bangwe zija? Bwana, bwanji simudanene? Bambo anga ankayenda wapansi kukawamvera. Ndikadadziwa, dzanja langa silikadakhudza."

Adabweza makasitomala onse n'kuyatsa pulogalamu yofufuza zofufutidwa. Idafufuza mpaka dzuwa lidafiira. Idatola makalata oduka pakati, theka la khadi la ukwati wa eni ake, ndi tizidutswa ta phokoso tosamveka. Yatsopano ija idali itakhala kale pamalo pa zakale. Pa zonse za a Kaliati padapezeka kachidutswa kamodzi kokha ka masekondi asanu ndi awiri. Rashidi adakaika m'fulashi ndipo adakana kulandira kanthu.

Petulo adafika kunyumba Abigail akuanula zovala. Adamuuza zonse ataimirira pabwalo, osabisa kanthu. Ankayembekeza mawu aja akuti "ndidanena", ndipo mwina akadamupeputsa mtima. Koma Abigail adangokhala pa mpando wa pakhonde, zovala zili m'manja, misozi ikutsika.

"Apongozi anga mukawauza chiyani?" adafunsa.

Loweruka ku Golomoti kudadzaza anthu. Kumanda zonse zidayenda bwino: mapemphero, madzi odalitsa, nsalu idachotsedwa, dzina la a Kaliati lidaoneka pa mwala. Atabwerera kunyumba, anthu adakhala pansi pa bwemba uja. Dumisani adabwera ndi masipika awiri akuluakulu ndi jenereta kuchokera ku Lilongwe, ndipo polumikiza mawaya adaona sikirini.

"Eee, alamu, mwatsogola! Iyitu ndi yatsopano yeniyeni. Ine ndemwe sindinaiike."

Ndiwo mawu amene Petulo adawafuna kuyambira pa Khirisimasi. Adawalandira ngati munthu wa malungo amene wapatsidwa nyama.

Mayi Eliza adakhala pa mkeka kutsogolo, atavala chitenje chatsopano, Anjelina ali pambali pawo. Bangwe wa malemu adamukoleka pa nthambi, ngakhale padalibe wodziwa kumuimba. Petulo adasiya laputopu pa tebulo, adayenda mpaka pamkeka n'kugwada.

"Amayi, nyimbo zija palibe. Ndaziwononga ndi manja angawa. Adandichenjeza mayi a Praise, adandichenjeza Rashidi, ine osamva."

Anjelina adagwira pakamwa. "Achimwene, zonse? Ndidakupemphani ziwiri zokha!"

Mayi Eliza adatembenuzira nkhope kumene kunkachokera liwu la mwana wawo. "Palibe ngakhale imodzi?"

"Kwatsala kachidutswa. Si nyimbo."

"Yatsa."

Dumisani ndiye adadina, chifukwa Petulo sadadzuke. M'masipika mudamveka mphepo, tambala akulira patali, chala chikukhudza nsambo imodzi ya bangwe. Kenako chifuwa, chija ankatsokomola a Kaliati asadayambe kuimba, ndi liwu lawo lenileni, lokhala ngati ali pomwepo pansi pa mtengo: "Petulo, wayatsa? Ndiyambe?"

Basi, padathera pomwepo.

Amayi ena kumbuyo adayamba kulira. Mayi Eliza adati abwereze, ndipo adabwereza katatu. Kachitatuko adayankha okha motsitsa, "Yambani, bambo." Atadikira pang'ono, adakonza kukhosi n'kuyamba iwo, ndi liwu lonjenjemera la munthu amene sadaimbepo pagulu:

"Eliza, sitima yadutsa,
yatsitsa mchere, yatsitsa mbuzi,
yatsitsa ndi eni mbuzi omwe,
iwe wekha sidakutsitse."

Okalamba angapo adalandira. Adaimba ndime yachiwiri, ya Loweruka lachitatu pamene mnyamata adabwerera kwawo mvula ikumukwapula. Atafika pamapeto pake, mayi Eliza adaima, ndipo olandira aja adaimanso.

"Pali ndime yotsiriza," adatero. "Ya tsiku limene ndidatsika sitima. Imeneyo sankaimba kumowa kapena pagulu, ankaimba pakhomo pano pokha, tikakhala awiriwiri. Koma akangoiyamba ine ndinkathawira kuseri ndi manyazi, nditatseka makutu, iwo akuseka. Zaka makumi asanu, sindidaimvepo mpaka kumapeto. Ndimati ndiimve lero, poti wondichititsa manyazi palibe." Adafufuza ndi dzanja mpaka adagwira phewa la mwana wawo. "Iwe udalipo pojambula. Ankati chiyani nditafika?"

Petulo adatsegula pakamwa. Adakumbukira tsikulo bwinobwino: bambo ake atatsamira tsinde la bwemba, maso ali otseka, akumwetulira. Adakumbukiranso kumene kudali maso ake ndi mtima wake, pa timizere tobiriwira tokwera ndi kutsika pa sikirini, kuopa kuti mawu angaphulike. Sadamvere. Adaona ngati palibe chifukwa chomvera, poti makina ankamvera m'malo mwake.

"Sindikudziwa, amayi," adatero.

Anthu amene adamudziwa Petulo kuyambira ali mwana akuti aka kadali koyamba kumumva akunena mawu amenewa. Mayi Eliza sadakalipe. Adamusisita paphewa kawiri, n'kupempha Anjelina kuti awalowetse m'nyumba chifukwa adatopa.

Kuyambira pamenepo Petulo amakwera njinga Lamlungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, kope lili m'thumba, kuzungulira midzi ya ku Golomoti kufunsa okalamba zimene akukumbukira. Watolera zidutswa za nyimbo zisanu ndi zinayi, ina mutu wokha, ina kolandira kokha. Chilichonse chimene walemba amakopera patatu, ndipo amapempha Abigail kuti atsegule aone ngati chilimodi. Ndime ija ya tsiku lofika sadaipeze, ndipo sadzaipeza, pakuti oimva adali awiri okha: wina adatseka makutu ndi manyazi a chikondi, wina ndi kudzikhulupirira. Mayi Eliza amasunga masekondi asanu ndi awiri aja m'foni ya mabatani, ndipo akuti masiku ena amawayatsa m'mawa asadatuluke m'nyumba.

Laputopu ija ikugwira ntchito bwino kwambiri mpaka lero, ndipo apudetiyo idalibe mlandu. Ikadadikira Lolemba, kapena fulashi ikadatsegulidwa kwa mphindi imodzi pamaso pa mkazi wake kapena pa tebulo la Rashidi, bwenzi a Kaliati akuimbabe. Zimandimvetsa chisoni ndikamadutsa pakhonde paja n'kumuona ataweramira makalata a anthu, wina akamuitana kuti a Kompyuta iye n'kuyankha kuti dzina lake ndi Petulo. Akuluakulu adaona patali pamene adati: Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.